Majini Anga ndi Chikwapu cha Ababa

Wokondedwa mng'ono wanga,

Landira moni wanga ndi manja awiri. Kaya muli bwanji kumeneko, iwe ndi ana? Chifuwa cha Amayi chija chinaleka? Nanga bondo la Ababa likuwalola kufika kukhola?

Ine kuno ndilipo, kungoti tsitsi likutha kuthothoka. Kuntchito kwathu, ukamatuluka m'chipinda chomwe timasungira tizilombo ta matenda umayenera kusamba thupi lonse, ndi mutu womwe, ngakhale utangolowa kukatenga cholembera. Ndasanduka bakha, mwana wa mayi anga. Ndinasamukanso kunyumba ija ya pafupi ndi njanji. Pano ndikukhala pamwamba pa shopu yosoka nsapato. Zenera silitsekeka, ndipo mwini nyumba amangoti alikonza mawa, koma mawa lakelo silifika.

Uthenga wako ndinauwerengera m'basi, mpaka ndinapitirira siteji yanga. Akuti mlamu, mwamuna wakoyo, akufuna kubweretsa ng'ombe zake m'khola la Ababa chifukwa kwawo msipu watha. Akutinso Ababa amupatsa chikwapu chawo chachikopa. Chikwapu chija! Ndani ankadzuka mame ali gwa kukakama mkaka iwe uli m'bulangeti? Ndani anapondedwa chala ndi nkhunzi mpaka chikhadabo kuchoka? Koma chikwapucho sindinaloledwe ngakhale kuchitsitsa pamsomali. Munthu wabwera dzana pa njinga yamoto, ntchito yake kugula ndi kugulitsa ng'ombe, waseka nawo pang'ono, basi chikwapu n'chake. Ndili ndi nsanje, sindikubisira. Usandikumbutse kuti ndi mlamu wanga, ndikudziwa bwino.

Zonsezi zinayamba ndi liwu limodzi. Ukukumbuka nditabwera kumaliro a azakhali, Amayi anandifunsa ntchito yomwe ndimagwira. Ndinayankha kuti ndimafufuza majini a kachilombo koyambitsa chigodola. Amayi anagwira pakamwa, n'kukauza Ababa kuti mwana wawo akuweta majini m'mabotolo. Kuyambira pamenepo, ndikaimba foni Ababa amangondifunsa ngati kuno kukugwa mvula, kenako n'kupereka foni kwa mwana. Mlamu ndiye anakometsa nkhaniyo ponditcha Wamajini, chonsecho iyeyo sukulu anapitako ndipo akudziwa kuti sindinkanena mizimu.

Iwe wekha undimvetse. Majini ndikunenawa ndi timalangizo ta m'kati mwa chamoyo chilichonse, timene timachititsa kuti thole libadwe ndi chipumi choyera ngati mayi wake. Kachilombo ka chigodola nako kali ndi ake. Akangosintha pang'ono, kachilombo komwe kankangobweretsa zilonda m'kamwa ndi m'ziboda kamatha kulusa, n'kumapha matole ambiri chifukwa kamafika kumtima. Ntchito yanga ndi kufufuza kuti pasintha ndi pati.

Mwezi watha madokotala a ziweto anatitumizira zoti tiyeze kuchokera ku ng'ombe zodwala chigodola kudera la kwawo kwa mlamu, ndipo zinafikira patebulo langa. Mng'ono wanga, si mtundu uja unagwira ng'ombe zathu chaka chomwe unakwatiwa. Ndamva kuti Ababa akuti zawo zinakhwima kale chifukwa zinadwalapo n'kuchira. Ayi ndithu. Kuchira mtundu umodzi sikuteteza ku mtundu wina, ndipo uwu ndi wolusa. Ndamvanso mlamu akudzitama kuti zake zinachira, zikudya bwino. Ng'ombe yochira imatha kukasungabe kachilomboko kukhosi, iyo ikubzikula mosatekeseka.

Ndiye taganiza za Nyangaimodzi, ng'ombe ija ndinailera ndi botolo mayi wake atafa. Wandiuza wekha kuti ili ndi bere lalikulu, pamodzi ndi zinzake. Thole likagwidwa ndi mtundu umenewu silionetsa n'chilonda chomwe. Limangogwa likuyamwa.

Ndikanatha ndikanakwera basi lero, koma tchuthi andikaniza, ndiponso lamulo la kuntchito silitilola kuyandikira ziweto tikangochoka kumene m'chipinda chija. Taona malodza ake: tsiku lonse ndimakhalira nkhani za ng'ombe, koma fungo la khola ndinaliiwala. Wina akusisita Nyangaimodzi pakhosi, ine ndikusisita mabotolo.

Pempho langa ndi limodzi. Ng'ombe za mlamu zisalowe m'khola la Ababa, zisamwenso pamodzi ndi zathu, mpaka alangizi a ziweto abwere aziyeze ndi kupereka katemera woyenera. Koma ukanena kuti mawuwa achokera kwa ine, Ababa angoti majini ayamba kulankhula, ndipo chipata achitsegula tsiku lomwelo. Choncho umutengere mwamuna wako pambali. Umufotokozere zonse ndalembazi mofatsa, umuopsezenso kuti matole akafa dzina loipa likhala lake, ndipo palibe adzagulenso ng'ombe kwa iye. Kenako apite yekha kwa Ababa, akanene ngati nzeruyo waiganiza yekha.

Ndalemba mawu amenewa mtima ukundiwawa zedi. Ndikuona kale Ababa atakhala pampando wawo pakhonde, akuuza aliyense wodutsa kuti mkamwini wawo ndi munthu wamaso, wapulumutsa khola lonse. Adzanenanso mwambi wawo uja, kuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, osadziwa kuti kalumoko wanola ndi mwana wawo yemwe. Mlamu naye adzangogwedeza mutu modzichepetsa, chikwapu chili paphewa. Zimenezo usadzandiuze pafoni, chonde. Udzangonditumizira chithunzi cha thole la Nyangaimodzi litaimirira.

Undiperekere moni kwa Amayi, uwauze kuti kutchalitchi ndimapita ndipo usiku ndimagona bwinobwino. Moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa achimwene, ndi kwa ana ako onse, makamaka kamtsikana kaja kokonda kutsatira ng'ombe, usamakaletse. Mlamu umupatse moni wapakatikati. Onsewa uwapatse moni Ababa ali kutali.

Ababa ndawasiyira kumapeto dala. Ndawasowa kwambiri. Koma moni wanga uusunge kaye, chifukwa ukawapatsa adziwa kuti ndalemba.

Ndine mkulu wako,
Wamajini