Sukulu Yosafunsa Malikisi

Mlongo wanga,

Ndayamba ndi moni monga anatiphunzitsira malemu mayi athu, ngakhale mtima ukufuna kuudumpha moniwo. Uli bwanji kumeneko? Msana uja unaleka kukuvuta? Ife kuno tilipo. Alamu ako shuga wawo akungokwera n'kutsika, ine maondo ndiwo ayamba kudandaula ndikamakwera masitepe. Mwana wako ali bwino, wanenepa, ndipo masiku ano akungoyimba m'nyumba monse. Kuyimbako n'kumene kwandigwiritsa cholembera.

Usadabwe kuti ndalemba papepala ngati anthu akale. Ndimakudziwa iwe, uthenga wa pafoni umauwerenga ndi diso limodzi uku ukutafuna. Kalatayi ndapatsira dalaivala wa lole uja unatipatsira mabulangete, ndipo ndamuuza kuti asachoke pamaso pako usanaimalize.

Ukudziwa kuti chimalizireni sukulu, Dokotala wathu wakhala akusaka sikolashipu. Dzina lija tinamupatsa ali kamwana, akubaya zidole ndi kamtengo, lamukanirira mpaka lero. Koma iwe unangomva kuti akusaka. Ine ndinaona kusakako, chifukwa kompyuta imene ankagwiritsa ntchito ndi ya mu situdiyo yanga, yomwe ndimakonzera zithunzi za anthu.

Ankati akasesa m'mawa, amakhala kuseri kwa katani mpaka maso kufiira. Anthu opereka thandizo aja sapereka mwachisawawa. Awa akufuna zotsatira za mayeso zodindidwa, awa akufuna makalata a aphunzitsi, awa akuti lemba nkhani yonena chifukwa chake tikusankhe iwe osati anzako. Mphunzitsi wake wa sayansi anafika pomamuzemba panjira chifukwa cha makalata. Akatumiza zonsezo, ayembekezere miyezi. Yankho likafika, tinaphunzira kulizindikira ndi mawu oyamba: likayamba ndi kuthokoza kwambiri, ndiye kuti amukana.

Mwanayo sankalira pamaso panga. Ankangotseka kompyuta n'kuyamba kupukuta magalasi oyera kale. Zinkandipweteka, mlongo wanga, sindinama.

Kenako unafika uthenga wako uja. Maphunziro aulere kunja, ndege yaulere, pogona paulere, atsikana okhaokha, imbani nambala iyi. Anathamanga kuchokera kuchipinda foni ili m'mwamba, akufuula kuti abambo andipezera, abambo andipezera sukulu. Tonse tinavina, ine ndi maondo angawa.

Tsono tamva pamene tinapusira. Kwa ife kuno, kunja ndi mudzi umodzi. Tinkaganiza kuti popeza uli kunjako, sukuluyo unaiona ndi maso, mwina umadutsa pageti pake popita kuntchito. Palibe anafunsa kuti dziko lake ndi lomwelo kapena lina. Alamu ako anati zimene wabweretsa mwini mwana sitingazifufuze ngati tikumukayikira. Ndipo ndikudziwa kuti iwenso kumeneko unkati akumudzi afufuza, poti nambalayo ndi yakuno. Aliyense anasiyira mnzake, ndipo chitseko chinagona chosatseka.

Nambalayo inatifikitsa kwa bambo wina amene atsikana onse amamutcha Ankolo. Ofesi yake ili pamwamba pa sitolo yogulitsa penti, ukakwera masitepe amdima onunkha mafuta. Pachitseko palibe chikwangwani. Mkati muli mipando yapulasitiki, tebulo limodzi, ndi chithunzi chachikulu cha nyumba zokongola zokhala ndi kapinga. Munthuyo ngwaulemu, wolankhula motsitsa, wonunkhira sopo. Anandipatsa mpando wake iye n'kuimirira.

Mwana anatulutsa envelopu yake ija ya zotsatira za mayeso, imene amaisunga ngati dzira. Ankolo sanaitsegule n'komwe. Anati malikisi ndi nkhani za sukulu zachikale, kwawoko amaona munthu. Anamufunsa msinkhu wake, ngati maso ake amaona bwino, ngati manja ake sanjenjemera, ngati ali ndi chibwenzi. Ine ndinati mumtima, udokotala umafunadi manja osanjenjemera. Pomaliza anatenga pasipoti n'kuiponya mu dirowa momwe munali zinzake zambiri.

Anatilangizanso kuti tisauze aphunzitsi kapena anthu a kuyunivesite, ati ndi ansanje, amatsekereza ana a amphawi. Titatsika masitepe, mwana anandikumbatira pamsewu anthu akuona.

Atamva kuti ndine wojambula, Ankolo anayamba kubweretsa atsikana ake ku situdiyo yanga. Zaka zonsezi ndajambula ana ambiri opita kusukulu, ndipo chithunzi chake chimakhala chimodzimodzi: mapewa ndi nkhope, makutu aoneke. Koma iye ankafuna thupi lonse, kutsogolo ndi chammbali. Kenako ankati atambasule manja pansalu yoyera, ndijambule zikhatho ndi zala. Nditafunsa, anaseka n'kunena kuti azungu ali ndi zofuna zambiri. Ndinajambula, mlongo wanga. Manja a mwana wakonso ndinawajambula.

Chimene chandichotsa tulo ndi ichi. Moyandikana ndi situdiyo yanga muli mayi wina telala. Mwana wake anapita ndi gulu loyamba la Ankolo chaka chatha, ndipo mayiyo ndi amene ankatilimbitsa mtima kuti zonse zili bwino, mwana amaimba foni ya vidiyo. Sabata yatha anabwera ndi chithunzi chimene anajambula pafoni mwanayo akulankhula. Ankafuna ndichikulitse kuti akachipachike pabalaza.

Pafoni chinkaoneka bwino, mtsikana akumwetulira pakhoma loyera. Koma nditachikulitsa pakompyuta, ndinaona zimene pafoni sizinkaoneka. Dzanja limene anakweza pobayibitsa linali losupuka khungu, zikhadabo zakuda ngati zopsa. Pathumba la malaya ake panali posokedwa nambala. Kumbuyo kwake kunkaoneka mabedi osanjikizana ndi zenera la waya. Ndipo m'mphepete mwenimweni mwa chithunzi munali mkono wa mwamuna wovala wotchi, utatsamira pachitseko.

Mayiyo anasendera pafupi ndi kompyuta n'kuchiyang'ana. Ndinkayembekeza kuti akuwa. Koma anangonena motsitsa kuti ndidule chithunzicho m'khosi, patsale nkhope yokha. Ndinati mayi, mwaona zimene ndaonazi? Anati anaziona kalekale. Anati akamufunsa mwanayo zimene akuphunzira amangoti zambiri, dzina la mphunzitsi ngakhale limodzi sanalitchulepo, ndipo anasiya kufunsa za azing'ono ake. Kenako anandigwira dzanja n'kunena kuti ndisamuuze kanthu kena, chifukwa mapepala a ulendowo anasaina ndi iye mwini.

Ndinadula chithunzicho monga anafunira. Anachikulunga munsalu n'kubwerera kumakina ake, ndipo tsiku lonse sindinamve makinawo akulira.

M'mawa mwake ndinatseka situdiyo n'kupita kuyunivesite, ku ofesi yothandiza ophunzira kupeza thandizo la maphunziro. Mayi wa mu ofesimo anafufuza dzina la sukuluyo pakompyuta, osapeza kanthu koma chithunzi chomwe chija cha kapinga. Anandifunsa kuti pasipoti ya mwanayo ili ndi ndani. Nditamuuza, anaika cholembera pansi n'kukatseka chitseko. Anati opereka sikolashipu yeniyeni amakutopetsa ndi mafunso, koma sasunga pasipoti ya munthu ndipo sakuuza kuti ubise. Anati ndithamange kupolisi.

Kupolisi anandimvetsera bwinobwino n'kulemba zonse. Koma anati mtsikanayo ndi wamkulu, sakudandaula, palibe amene wamugwira ndi chingwe. Ati afufuza, koma zingafulumire mwini wake atabwera yekha kudzanena kuti akufuna pasipoti yake.

Sindikudziwa amene anamuuza Ankolo za maulendo angawa. Madzulo a tsiku lomwelo anatulukira ku situdiyo yekha, wopanda atsikana. Anakhala pampando wojambulirapo anthu n'kumayang'ana magetsi anga. Anati wamva kuti maondo akundivuta, ndiye ndichepetse kuyendayenda. Anati tsogolo la ana ambiri limaonongedwa ndi azakhali amantha. Potuluka anayamikira geti yathu yobiriwira, ati penti yake ndi yabwino. Mlongo wanga, munthu ameneyu sindinamuuzepo kumene timakhala.

Ndiye ndinakhala naye pansi mwana wako. Ndinamupeza akusita zovala, zonse ndi zapaulendo. Ndinamuuza za chithunzi, za mayi wa kuyunivesite, za geti, osasiyako kanthu. Ndinamukumbutsa kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ndinkaganiza kuti apsa mtima, koma anamvetsera mpaka ndinamaliza, simbi ili chiimire.

Poyankha anati azakhali, inu mwandilera, sindingakunyozeni. Anati naye si wopusa, mafunso a Ankolo anamudabwitsa, za manja zija zinamudabwitsa. Koma anati pali chinthu chimodzi chimene ine sindingachimve. Chichokereni iwe ali wamng'ono, zonse zimene umatumiza zimadzera mwa ine, ndipo zimakhala za pakhomo ponse. Anati aka n'koyamba kuti bambo ake akhale pansi, amuganizire iye payekha, amufunire chinthu n'kumutumizira pafoni yake. Anati bambo anga sangandisankhire dzenje.

Anandionetsa uthengawo. Anausunga pamwamba pa mauthenga ena onse, ndipo amauwerenga tsiku lililonse. Pansi pake anakuyankha mawu ataliatali okuthokoza, iwe n'kumubwezera kachala kokweza m'mwamba. Kachala kameneko iye amakatenga ngati dalitso lako.

Anamaliza ndi kunena kuti ine, aphunzitsi, apolisi, tonse tikhoza kulankhula mpaka kukhosi kuuma. Adzasiya ulendowu pokhapokha atamva pakamwa pako kuti sukuluyo sukuidziwa.

Tsono ndikufunse, ndipo usandinamize, ndinakubereka kumsana ine. Uthenga uja unauwerenga mpaka kumapeto? Ine yankho ndikulidziwa. Uthengawo unafika m'gulu lanu lija la pafoni la anthu akwathu okhala kunja, pakati pa mapemphero a m'mawa ndi mankhwala a mandimu ochiza nthenda zonse. Unaona mawu akuti maphunziro aulere, unakumbukira kuti uli ndi mwana, unadina n'kupitiriza zako. Sindikukuweruza. Unafuna zabwino, koma safunsa anadya phula, ndipo amene akudya phula limeneli ndi mwana wako.

Nthawi yatithera. Ankolo sanena tsiku la ulendo. Amangouza atsikana kuti chikwama chikhale chomangamanga, galimoto idzawatenga nthawi iliyonse, ndipo mafoni awo adzasiye kunyumba poti akapatsidwa atsopano. Chikwama cha mwana wako chili kuseri kwa chitseko cha pabalaza. Galimoto iliyonse ikaima pamsewu, ndimathamangira pazenera. Ndaganizapo zomutsekera m'chipinda, koma ndingamutsekere mpaka liti munthu wamkulu?

Pempho langa ndi limodzi. Ukangomaliza kuwerenga, muimbire. Usalembe uthenga, usatume ine, amve mawu ako. Ndipo usazungulire monga umachitira, kumati dikira pang'ono tione, kapena ndikupezera ina yabwino. Ukatero adzamva kuti bambo ake akungomuyesa kulimba mtima, ndipo adzakwera galimoto ija akumwetulira.

Umuuze zoona zake zenizeni. Umuuze kuti sunamusankhire, sunafufuze, sunawerenge n'komwe. Umuuze kuti uthenga umene wausunga ngati chuma unatumizanso kwa anthu ena ambirimbiri tsiku lomwelo.

Ndikudziwa chimene ndikukupempha. Ndikukupempha kuti umulande chinthu chokhacho chimene akuganiza kuti unamupatsa. Adzalira, ndipo mwina sadzakuyankhanso foni kwa nthawi yaitali. Mwina pa ukwati wake sadzafuna kuti ukhale kutsogolo. Uvomere zimenezo, mlongo wanga. Kuli bwino akude ali m'nyumba muno, ndikumumva akumenyetsa zitseko, kusiyana n'kuti azikukonda ali pakhoma loyera lija, ine n'kumadula chithunzi chake m'khosi.

Akatha kulira ndidzamuperekeza ndekha kupolisi kukaitanitsa pasipoti yake. Kenako adzabwerera pakompyuta ija, kwa anthu otopetsa aja ofunsa malikisi. Akamukana adzalembanso kwina, ine ndilipo.

Alamu ako akupereka moni, ati usachedwe. Undiperekere moni kwa anzako okhala nawo nyumba, ndipo uwafunse ngati nawonso sanatumize uthenga umenewu kwa ana awo. Mulungu akusunge, akupatse mphamvu pantchito, koma koposa zonse akupatse kulimba mtima koti mwana wako akuone monga ulili.

Foni yake imakhala m'manja nthawi zonse, ndipo nambala yako sailola kulira kawiri. Ika pepalali pansi, uimbe.

Ndine mlongo wako wamkulu,
amene akukusungira mwana.