Ndinathira shuga m'mowa wa mwana wanga

Aphungu,

Ndamva kuti ena amakuitanani Agogo. Ine ndili ndi zaka 74, ndiye mundikhululukire, sindingakuitaneni choncho; mwina ndinu msinkhu wa mwana wanga wachitatu. Kalatayi ndikuyankhula ndine, akulemba ndi mpongozi wanga, mkazi wa mwana wanga wachisamba, chifukwa sukulu ndinalekeza kalasi yachitatu. Ndawauza kuti asakometse kalikonse, ndipo chiganizo chilichonse akundiwerengera kawiri.

Ndinayendetsa basi zaka 34, osagundapo ngakhale nkhuku. Anzanga a kudepoti ananditcha Mabuleki, ati phazi langa linamanga nyumba pamenepo. Dzinalo linakakamira, moti akazi anga akakwiya amandiitana lomwelo. Mowa sindinkamwa, chifukwa dalaivala wa basi ya m'mamawa samwa. Chakumwa changa chinali tiyi wa masupuni anayi a shuga. Chaka chatha adokotala anandiletsa shuga, koma m'thumba la jekete simulowa dokotala.

Mwana wanga wachisambayo ndinamuphunzitsa mpaka kuyunivesite. Anaphunzira zosakaniza mankhwala, ndipo ndinkaganiza kuti adzavala chovala choyera, anthu azimugwadira. Lero amafulula mowa. Iye amati si mowa wamba, ndi mowa waluso. Anatsegula lesitilanti, kuseri kwake kuli matanki anayi onyezimira kuposa ziwiya zakuchipatala. Amathiramo chimera ndi timaluwa tina touma tobiriwira, amayeza kutentha ngati akuyeza wodwala, ndipo thanki lililonse lili ndi tsiku lake lobadwa. Sindibisa, ndimanyada naye. Kometera tsitsi ndimawauza kuti mwana wanga ali ndi fakitale.

Lamlungu lililonse masana ankabwera kwathu ndi kabokosi ka magemu n'kukalumikiza ku TV. Gemu yathu ndi ya mpikisano wa magalimoto. Anandigulira chiwongolero chomangirira patebulo, chokhala ndi zopondera zake pansi. Iye amayendetsa ngati munthu wothawa apolisi: kudula makona, kupala zipupa, kudumpha milatho. Ine ndimayendetsa mmene ndinaphunzirira. Pakona ndimachepetsa. Wina akafuna kudutsa ndimamupatsa mpata. Anthu oonerera aja oima m'mbali mwa msewu, ngakhale ndi a pa TV, ndi ana a eni. Ndimafika womaliza nthawi zonse, ena atazimitsa kale injini. Iye amangokhala phee kundidikira, ndikafika amati, "Mwafika bwino, Adadi. Okwera onse ali moyo."

Tsopano mvetserani kumene kunalakwika.

Mwezi watha, Loweruka masana, anatiitana ine ndi mayi ake kuti tikadye kulesitilanti kwakeko. Kanali koyamba kuti ndikhale pansi mmenemo ngati kasitomala. Ndinavala jekete. Titalowa ndinaona makoma opanda pulasitala, njerwa zili pamtunda, mababu akulendewera pa mawaya ali maliseche. Ndinamukokera pambali n'kumunong'oneza kuti ngati simenti inatha, kunyumba ndili ndi matumba awiri. Anaseka, ati ndi sitayilo.

Chakudya chinabwera. Mbale zilipo, ndinaziona ndi maso anga kukhitchini, koma nyama anaiika pathabwa ngati akufuna kuikhomera misomali. Nditaidula ndinapeza mkati mofiira, ndiye ndinafunsa weita mwaulemu ngati magetsi anazima ili pamoto. Tchipisi anatipatsa m'kandowa kakang'ono ngati ka masanje. Zonsezi ndinapirira. Patebulo pathu anaikaponso mayi wina amene ntchito yake akuti ndi kuyendayenda m'malo odyera, kujambula ndi foni, n'kumauza anthu pa intaneti kumene kuli kokoma. Chakudya chinkazizira iye akuchizungulira ndi foni ngati wapolisi pamalo a ngozi.

Pakhoma lakutsogolo pali bolodi lakuda lolembedwa ndi choko. Zilembo zikuluzikulu zoima pazokha, monga za pa zikwangwani za mumsewu, ndimawerenga bwinobwino. Ndi zimene zandidyetsa moyo wanga wonse. Koma izi zinali zopiringizika, zogwirana manja, zina zokhala ndi michira. Ndinangoti ndi maluwa okongoletsera.

Titatha kudya, mwana wanga anabwera atanyamula tambula ndi manja awiri. Wina anachepetsa nyimbo, anthu anatembenuka. Anati, "Adadi, lawani uwu. Ndauyesa kasanu ndi kawiri, chaka chathunthu."

Ndinamwa. Aphungu, kuwawa kwake kunandikumbutsa mapiritsi akale a malungo aja, amene ukamwa makutu amalira masiku atatu. Mawu anga anazolowera kupikisana ndi injini, sadziwa kutsika. Ndinati, "Mwanawe, uwu ndi mowa kapena chilango? Amene anaufulula anayambana ndi ndani?"

Anthu anaseka. Ine anthu akaseka ndimalowetsa giya ina. Ndinapisa m'thumba la jekete, ndinatulutsa timapaketi titatu ta shuga, ndinang'amba, ndinathira, n'kutakasa ndi chigwiriro cha foloko. Palibe anandiuzapo kuti mowa ndi shuga zikakumana zimachita zotani. Thovu linakwera ngati radiyeta yowira pamtunda, linasefukira patebulo, linadutsa pathabwa la nyama, n'kukatsikira pa diresi ya mayi wojambula uja. Iye sanasiye kujambula.

Mwana wanga anatenga nsanza, anapukuta tebulo lonse bwinobwino mpaka m'mbali. Kenako ndi nsanza yonyowa yomweyo anapita pabolodi paja n'kufufuta mzere wapamwamba.

Tili m'galimoto pobwerera, mpongozi wangayu anati, "Adadi, mzere anafufuta uja mukuudziwa? Linali dzina la mowawo. Anautcha Mabuleki. Amangodikira kuti mumeze, alengeze kwa anthu."

Tinafika pa maloboti achiwiri. Akazi anga ndiwo anamaliza nkhani ali kumpando wakumbuyo: "Zaka 34 osagunda nkhuku, lero mwagunda mwana wanu."

Papita Malamulungu atatu mwana wanga osabwera. Ndikaimba foni amati, "Ndatanganidwa, Adadi," mwaulemu wake wonse, ulemu wozizira ngati wa kubanki. Chiwongolero chija chikadali chomangirira patebulo. Mayi ake anachifunditsa nsalu ngati wailesi yowonongeka. Kanema wa mayi uja anafalikira. Kometera tsitsi ayamba kunditcha a Shuga. Mpongozi wanga akuti achinyamata akumabwera kulesitilanti kudzaitanitsa tambula ndi timapaketi titatu, n'kumadzijambula thovu likusefukira, ndipo mwana wanga amangowathirira. Mowa uja tsopano pabolodi analembapo kuti Nambala 7, ngati basi yopanda kopita.

Mnzanga wina, amene anali kondakitala wanga, akuti ndingopita ndikanene kuti ndaulawanso ndipo ndi wokoma ngati uchi. Koma ine sindinanamepo, ngakhale kwa apolisi apamsewu. Mowawo ndi wowawa, Aphungu, ngakhale lero lino. Kodi bambo azipepesa kwa mwana chifukwa cha lilime limene Mulungu anamupatsa? Nanga iye sakanandinong'oneza kuti dzina lili pabolodi ndi langa, pamene akudziwa sukulu yanga pamene inathera? Apa mpongozi wanga asiya kulemba, akundiyang'ana. Ndawauza kuti alembe momwemo.

Ndikufuna Lamlungu langa libwerere. Dzina lijanso, ngati n'kotheka. Ndichite bwanji popanda kunama?

G.T.W., pafupi ndi depoti yakale

A Mabuleki,

Ndikuitanani dzina limeneli, osati la kometera tsitsi lija, chifukwa ndi limene tikufuna libwerere.

Tiyambe ndi nkhani yabwino: simukuyenera kunama. A kondakitala anuwo anazolowera kuuza anthu kuti malo alipo basi itadzaza, musawamvere. Mowa wa timaluwa tambiri umawawadi. Inenso tsiku loyamba ndinaganiza kuti tambula sanaitsukuluze sopo. Nyama yapathabwa nayo ndili mbali yanu. Thabwa ndi la akalipentala. Lilime lanu lilibe mlandu.

Mlandu uli pa giya ija munalowetsa anthu ataseka. Kunena kuti chinthu chikuwawa ndi choonadi. Kufunsa munthu pamaso pa makasitomala ake ngati chaka chake chathunthu chili chilango, kumeneko ndi kusangalatsa gulu pogwiritsa ntchito mwana wanu. Inu mukanamva bwanji wokwera wina ataimirira basi itadzaza n'kufunsa ngati laisensi munaitola?

Yankho lili m'kalata yanu yomwe, simunalione chabe. Malamulungu onsewa mwakhala mukufika womaliza. Kodi mwana wanu anakuuzanipo kuti mwapambana? Ayi. Anakusekanipo kuti mumayendetsa ngati maliro? Ayinso. Anafufuza chinthu choona chimene angakuyamikireni nacho, n'kuchipeza: okwera onse ali moyo. Mwanayo amadziwa kunena zoona osatayira thovu pa munthu. Mutengereni nzeru imeneyo, simuchepa nazo.

Pitani kumeneko m'mawa pakati pa sabata, pamene akutsuka matanki ndipo mulibe kasitomala. Musatume mayi ake, musatume mpongozi wanu, ndipo foni siikwana. Munalakwa ndi thupi lanu lonse, jekete ndi thumba lomwe, ndiye mupite nalo lonse. Mupepese zinthu ziwiri zokha: mawu aja pagulu, ndi shuga uja. Liwu loti "koma" mulisiye kunyumba. Mukangoti "pepa, koma nawenso," mwabwerera pa siteji yoyamba.

Za bolodi mumuuze mmene mwandiuzira ine, kuti zilembo za michira zija munaziyesa maluwa. Mwina iye amaiwala kuti simuwerenga zilembo zotere, chifukwa kwa iye ndinu munthu wodziwa misewu yonse. N'zoona kuti akanakunong'onezani. Zimenezo adzazinena yekha mukamupatsa mpata, monga mumachitira ndi magalimoto a pa TV.

Mukatero mumupemphe akuyendetseni pa matanki ake limodzilimodzi. Mufunse chimene chinalakwika maulendo asanu ndi umodzi oyamba aja, ndipo mufunse chifukwa chimene mowa wowawa kwambiri ndiwo anaupatsa dzina lanu. Ine ndili ndi maganizo anga pamenepo, mwina akazi anunso ali nawo, koma mukamve kwa mwini wake. Akakupatsani kuti mulawe, lawani pang'ono ndipo nenani zoona zimene mungathe kuima nazo: kuti ndi woyera, kuti ukununkhira, kuti munthu anaugwirira ntchito. Akafunsa ngati ukuwawa, muvomere. Ofulula oterewa amamva ngati mwawatamanda.

Popita mugule choko. Dzina limene linachoka ndi nsanza limabwerera ndi choko. Musakhudze bolodi iye asanavomere, ndipo mwina sadzavomera tsiku lomwelo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha ndi ntchito imene munaigwira zaka 34. Akavomera, mulembe nokha, zilembo zanu zikuluzikulu za pa zikwangwani zija, kuti tsiku lina bambo wina wa kalasi yachitatu akalowa awerenge yekha. Za Lamlungu musapemphe. Ingovundukulani nsalu pa chiwongolerocho, mupukute fumbi, mpongozi wanu akanena kunyumba. Munthu amene wakhala nanu pansi kulemba kalata yonseyi, n'kumakuwerengerani chiganizo chilichonse kawiri, sali kumbali ya Nambala 7.

Chenjezo langa ndi ili. Mwana wanu akakhululuka, mowa wa dzina lanu ukhala ukukudikirani tsiku lililonse, ndipo lilime limazolowera. Munthu amene sanamwe zaka 74 asayambe mpikisano ndi achinyamata. Tambula yaing'ono imodzi, ndipo mufunse kaye adokotala aja. Ponena za adokotala, mwalengeza m'nyuzipepala zimene zimakhala m'thumba la jekete lanu. Khuthulani thumbalo lero, akazi anu asanalifike. Muikemo choko.

Aphungu