Tambala wa Chipepeso

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno tilipo, ndipo chifuwa cha mayi chija chatha.

Zimene mwamva zoti madokotala anandidula dzanja n'zabodza. Anangong'amba pang'ono m'munsi mwa chikhatho n'kumasula mtsempha umene unkapanikizika. Dzanzi lija linkandigwetsetsa singano latheratu, moti ndabwerera pa makina anga osokera pa Nathenje.

Bodzali analiyambitsa ndi azakhali a ku Mitundu, omwe aja amati ndinasiya yunivesite chifukwa cha misala. Ufulu wolankhula wabwera ndi matipatewu iwo aupitiriza muyeso. Loweruka anabwera ndi tambala wa chipepeso, nkhope ili ya pamaliro, maso akufunafuna chitsa m'chitenje mwanga.

"Pepa mwanawe, ndiye uzidya bwanji?"

Ndinatulutsa dzanja kuwapatsa moni, ndipo ndinafinya ndithu.

"Mayo ine, undithyola zala!"

"Pepani azakhali, paja ndi lodulidwa."

Mayi anaseka mpaka misozi.

Munditumizireko sizasi yabwino, yangayi yabuntha. Mulungu akusungeni nonse. Tambalayo tinadya tsiku lomwelo, ndipo ndinamusosola ndekha.

Ine mlongo wanu,
Esinati