Deti Yokana Kufufutika

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Kodi mwendo uja unasiya kutupa? Nanga alamu, chifuwa chija chinawasiya? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ndiye ayi, ndisakunamizeni.

Chipinda ndinachipeza, chili kuseri kwa shopu ya telala. Muli bedi, mpando umodzi ndi zenera loyang'ana khoma la eni ake. Ndikaweruka ndimangomvera makina osokera, ndipo telalayo akatseka kumangoti zii. Tsiku lina ndinazindikira ndikufotokozera ketulo masamu, mpaka kuifunsa ngati yamva.

Za kusukulu ndiye musachite kufunsa. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndikugwira choko, koma kuno kulibe ngakhale kachidutswa. Mwana aliyense ali ndi tabuleti yake ndi zomvera za m'makutu. Ndikalowa m'kalasi mitu yonse ili pansi, zala zikungothamanga pagalasi. Palibe woimika mkono, palibe kuyankha kwa pamodzi kuja kogwedeza malata. Makope ochonga kulibe, makinawo amachonga okha, moti cholembera changa chofiira chaumira m'chikwama. Ana makumi atatu, achemwali, koma sindidziwa kalembedwe ka mmodzi yemwe.

Sindikunena kuti zinthuzi n'zoipa, ayi. Muli kamtsikana kachibwibwi kamene pagulu sikatsegula pakamwa, koma pa tabuleti ndiko kamatsogola masamu. Kwathuko kakanangokhala kumbuyo mpaka chaka kutha. Zimenezi ndaziona ndi maso angawa. Wovuta ndine.

Tsiku loyamba lenilenilo ndinachita zamanyazi. Paja mphunzitsi akalowa amayamba walemba deti pakona ya bolodi. Ine ndinatola cholembera cha inki patebulo, n'kulemba mwaluso langa lonse, n'kudula kamzere kunsi. Ana kuseka kwake! Kani bolodi loyeralo ndi lamagetsi, amalembapo ndi chala basi. Tapukuta ndi sopo, tapukuta ndi sipiriti, yakana. Mpaka lero detiyo ili pomwepo, ndipo m'mawa uliwonse imandikumbutsa tsiku limene ndinayamba kukhala ndekha.

Aphunzitsi anzanga ndi ana a dzulodzuloli, aulemu ndithu, koma pa buleki aliyense maso ali pa foni. Ndikafunsa podina amangonditengera tabuleti, kudinadina kawiri, n'kundibwezera atakonza kale. Ndimathokoza koma osatolapo kanthu. Kuti ndifunse kachitatu, manyazi amandigwira.

Tsono dzana ahedi anandiitana ku ofesi. Anandiuza mofatsa kuti makolo akudandaula chifukwa kalasi yanga yatsalira. Akuti pakatha milungu itatu adzakhala kumbuyo kwa kalasi n'kumaonerera ndikuphunzitsa ndi makinawo, kuyambira belu lolowera mpaka lotulukira. Zikadzakanika, teremu ikubwerayi adzaitana wina. Ndinangogwedeza mutu n'kutuluka. Ndibwerere kwathu ndi chikwama chomwechi, ndikawauze anthu kuti chandigonjetsa ndi kagalasi?

Pempho langa ndi limodzi, ndipo likundilemera pakamwa. Ndi la mwana wathu wamkuluyo, mtsikana amene mukundisungira. Mukukumbuka kuti chaka chatha ndinamulanda foni, n'kumunyoza pamaso pa anzake kuti zodinadinazo n'za anthu aulesi. Chichokereni ine sanandiyankhulepo, ndikaimba amangopatsira inu. Komatu kwa iye zinthuzi n'kumwa madzi.

Chonde mukhale naye pansi. Mumuuze kuti mayi ake akuti analakwa, ndipo mawuwo muwanene momwemo, musawakometse. Ngati angalole, Loweruka lililonse masana azindiimbira pa foni yanu, azindiuza podina pang'onopang'ono, ine ndizilemba m'kope ngati mwana wa sitandade wani. Akandikalipira ndipirira. Akakana musamukakamize, mudzangondiuzako kuti watalika bwanji.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali, ndi kwa achimwene pamodzi ndi banja lawo lonse. Kachitsiriza kanga mukauze kuti mayi ake akukasowa kwambiri.

Ndine mng'ono wanu wokusowani,
amene mumamutcha Aphunzitsi