Mita yoyezera kuwala yandichititsa manyazi

Lolemba, 14 Julaye. Tsiku lowawa, mpaka pano mtima ukuwira.

Ndatsegula zithunzi za ukwati wa mwana wa mayi Muhiwa, anzanga a m'kwaya aja othyola tiyi. Zonse zayera mbuu! Diresi la mkwatibwi silikuoneka, nkhope ngati ufa.

Ukwatiwo usanachitike, mita yanga yoyezera kuwala inagwa pa kabaza ndikuchokera ku Khonjeni. A Yusufu, amene anandiphunzitsa kujambula, anandichenjeza: "Achimwene, ilozeni pa khadi lotuwa, muiyerekeze ndi ya m'kamera. Zikasiyana muikonze kaye." Ine matama, ndinati yadijito silakwa. Pa ukwatipo ngakhale sikirini ya kamera sindinaisuzumire. Lero ndaiyesa, ndapeza kuti padzuwa iyo ikumati kuli mdima. Chitsulo chachabechabe!

Mayi Muhiwa adutsa poweruka, dengu kumsana. "A Foto, mwana wanga watuluka bwanji?"

Ndati chiperoni chinasokoneza pang'ono.

"Chiperoni chiti inu? Si tinapsa ndi dzuwa Loweruka lija?"

Ambuye ndikhululukireni, ndanamiza munthu woimba naye nyimbo zanu, bodza lakenso lopusa. Ukwati sabwereza. Akuti mawa abwera ndi mkwatibwiyo adzaone okha, ndipo chiperoni sindingachitchulenso.