Mango a Bambo a Derrick

18 Ogasiti 2024, Twapia
Mtengo wa mango pabwalo, duwa ngakhale limodzi ayi. Chaka chachiwiri tsopano. Mu Juni sikunazizire, mwina sunadziwe kuti nthawi yakwana. Anaubzala malemu bambo a Derrick titangofika kuchokera ku Katete. Ndimakhala pansi pake ndikawasowa.

20 Ogasiti
Ndautema khungwa ndi chikwanje kuzungulira thunthu. Kwathu mtengo waulesi timautero, umadzidzimuka n'kubereka. Bana Joy, mayi a nyumba yoyandikana, ali pampanda: "Awe mayo, temani sana, uzamvela."

6 Okutobala
Kutentha koopsa. Magetsi kulibe, pampopi pali gwa. Mabala aja sanapole. Akutuluka utomoni wakuda, fungo ngati mowa wosasa. Masamba akunsonga afota.

9 Okutobala
Mwana wanga Derrick waimba foni kuchokera ku Kitwe komwe akuphunzira zaulimi. Ndamuuza zonse. Akuti mtengo ukavulala umatumiza uthenga m'thupi mwake monse kuti udziteteze, koma kukatentha chonchi uthengawo umafooka, matenda amangolowa ngati pakhomo posatseka. "Kale kutema kunali kusebenza, amai. Manje nyengo yachinja." Sanandikalipire. Bola akanandikalipira.

27 Okutobala
Madzi otsukira mbale, osamba, ochapira, onse patsinde. Mabala ndamata dothi losakaniza ndi phulusa. Bana Joy, omwe aja ankandichemerera, ati ndiwasungireko nthambi za nkhuni. Moni wawo sindikuyankha. Mtima ukundiwawa, ndikuopa.

15 Disembala
Mvula yabwera. Mbali ya mtengo ya kumsewu inauma yonse, ndinasiya n'kuyang'anako. Koma m'mawa uno, nthambi ya pamwamba pa khitchini, maluwa okhaokha! Mu Disembala! Njuchi zili ng'ung'ung'u. Ndinagwada pamatope pomwepo ndi chitenje cha kutchalitchi. Misa ndachedwa, zilibe kanthu. Bana Joy ndawapatsa moni.

17 Disembala
Derrick wafika, sukulu atsekera. Ndinamukokera ku nthambi ija asanatule chikwama. Sanaseke. Anakanda khungwa ndi chikhadabo, apa, apo, mpaka patsinde. Mkati monse mwada. "Amai, mtengo ukamvela kuti uzafa, umatulusa maluwa yonse yamene unasunga." Akuti tiugwetse mphepo isanaugwetsere padenga. Ndamuuza kuti nkhwangwa idikire mpaka maluwa ayoyoke okha.

Ndinaupempha maluwa ndi chikwanje. Wandipatsa.