Tsitsi la Maliro a Bambo

Harare Lokeshoni, Salisbury
11 Malichi 1956

Okondedwa alongo anga a Imelda,

Landirani moni wanga. Kodi muli bwanji kumeneko ku Kabudula? Nanga amayi, mwendo uja unaleka kutupa? Ine kuno thupi lili bwino, mtima wokha ndiwo suli m'malo.

Ntchito kufakitale ya fodya ikuyenda, ngakhale fumbi lake latipatsa chifuwa tonse. A Nasoni a ku Nsaru, amene ndimagona nawo chipinda chimodzi, anawabera njinga, ndiye masiku ano tonse tikuyenda wapansi.

Nkhani imene yandivuta ndi iyi. Chilandirireni kalata yanu yoti bambo anatisiya, sindinamete. Kumanda sindinafike, mmeto woyamba unandipita, ndiye ndinati ndidikire wachiwiri monga mukuchitira inu ndi amayi. Pano mutu wachita thengo, anzanga akundiseka kuti mpheta zimangamo zisa.

Mukudziwa kuti ndakhala nthawi yaitali m'kalasi ya ubatizo. Dzina langa latuluka, ndibatizidwa pa Pasaka. Koma a Yonasi, aphunzitsi athu a kalasi, anati aliyense adzabwere atameta bwino. Nditawafotokozera za ine, anandiwerengera mu Uthenga Wabwino za munthu amene Ambuye anamuitana, iye n'kupempha kuti ayambe wakaika bambo ake. Ambuye anamuuza kuti awasiye akufa aikane okha. A Yonasi anati tsitsi langali ndi maliro amene ndasenza pamutu, ndipo wosenza maliro sanakonzeke. Ndikapanda kumeta, dzina langa alichotsa.

Alongo, mutu wanga wazungulira. Si a Yonasi omwewa anatiphunzitsa kulemekeza atate ndi amayi? Ndinawafunsa ngati munthu uja anatsatadi Ambuye kapena anathamangira kumaliro. Anayang'ana m'buku kanthawi, n'kunena kuti pamenepo sanalembe, ine ndingomvera basi.

Kumvera ndikufuna, ndipo Ambuye ndimawakhulupirira. Koma bambo ndi amene ankandimeta ndili mwana, ndi lumo lawo lija, atandipana mutu m'mawondo. Ndimete bwanji tisanawaperekeze, amayi akadali ndi tsitsi lawo? A Nasoni akuti ndingometa m'mbali mokha kuti onse akondwe. Nzeru zawo ndi zapamowa.

Pempho langa ndi limodzi. Mukafunse amalume a Goliati ngati mmeto ungachitike Pasaka isanafike, mundiuze tsiku, ndimetere kuno tsiku lomwelo. Ndikudziwa kuti chimanga chofululira mowa wa mmetowo chikadali chachiwisi m'munda. Akakana, muwatengere amayi pambali muwafunse ngati angandilole kutsogola kumeta. Inu munabatizidwa kale, mwina mukuona pamene ine sindikuona.

Lezala ndinagula kale, lili pawindo. Dzulo ndinanyowetsa mutu, ndinapaka sopo, n'kulitenga m'manja. Ndinakhala choncho mpaka thovu linauma, osadziwa ngati ndikudzikonzera Ambuye kapena ndikuchotsa bambo pamutu panga. Ndinangotsuka n'kupita kuntchito.

Mupereke moni kwa amayi, kwa amalume, kwa alamu anga a Paulo ndi ana onse. Yankho lifulumire chonde, Pasaka siidikira chimanga.

Tsalani bwino.

Ndine mlongo wanu,
Rabson, amene pa Pasaka ndimayenera kubatizidwa dzina la Kizito